Ulendo wa ku Legoland ndi ana anga awiri aulumali

Ana anga awiri ndi oyenda, koma maulendo awo ambiri amakathera pa benchi yodikirira dokotala. Wachisamba ndi mtsikana wa zaka 7. Ali ndi cerebral palsy: miyendo yake ndi youma, amayendera njinga ya olumala, ndipo chakudya timachita kumuphwanyira chifukwa kumeza kumamuvuta. Mzime ndi mnyamata wa zaka 5, ali ndi autism. Iyeyu kuthamanga ndiye osanena, koma mawu ali nawo ochepa, ndipo phokoso limene ife timangolimva n'kuiwala, iye limamupweteka zenizeni. Timakhala ku Reading, kuno ku England. Kalendala ya pa fuliji pathu inadzaza ndi masiku a mafizo, a kwa ophunzitsa kulankhula, a kokayezetsa zomangira miyendo, a kokakonzetsa njinga. Zinafika poti ndikangonyamula chikwama chachikulu n'kuyamba kuwaveka majekete, mtsikanayo amandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kuchipatala?" Funso limenelo ndi limene linatikhazika pansi ine ndi bambo awo, n'kugwirizana kuti chaka chimenecho, zivute zitani, anawa akaona Legoland, paki ya zokwera ndi zosewerera ana.

Nditawauza amayi pa foni, kumudzi ku Ntcheu, anayamba akhala kaye chete. Kenako anati, "Mwananga, ndalama zonsezo kukangokwera katungwe? Nanga mwanayo akazindikira n'komwe kumene ali?" Amayi sanafunse mwankhanza ayi. Mdzukulu wawoyu amamukonda, ndipo titapita kumudzi ankamubereka kumbuyo mpaka msana kuwawa, osalola wina kumulandira. Koma funso lawolo ndi limene ambirife tili nalo mumtima, kuti mwana waulumali amafunika chakudya, mankhwala, pogona ndi mapemphero basi, chisangalalo ndi cha ana enawo. Ndinawayankha kuti, "Amayi, akazindikira. Ndipo ngakhale ataiwala mawa lake, tsikulo akhala ataseka."

Kwathu tinakula tikuona ana otere akusiyidwa kuseri kwa nyumba alendo akabwera. Tinamva anthu akunong'onezana kuti mwana uja anamulodza, kapena kuti bambo ake anamukhwimira kuti bizinesi iziyenda. Manyazi amenewo ena a ife tinabwera nawo kuno. Pa misonkhano ya Amalawi, kaya ndi chikondwerero cha 6 July kaya ndi phwando la kutchalitchi, ndimadziwa mabanja amene amabwera ndi ana ena n'kusiya mmodzi kunyumba. Sindikuwaweruza, chifukwa kutuluka ndi mwana wotere ndi ntchito yotopetsa, komanso maso a anthu amalasa. Koma ntchito yakeyo ndi yotheka, ndipo gawo lake lalikulu limagwiridwa kunyumba, ulendo usanayambe.

Kusankha paki sikunatitengere nthawi. Alton Towers ndi Thorpe Park zimatchuka ndi zokwera zoopsa zija zimene achinyamata amakuwa nazo ali chadodolido, ndiye sizinali zathu. Za ana ang'ono zimene tinaziganizira zinali ziwiri. Ina ndi Paultons Park ku Hampshire, kumene kuli dera la katuni ya ana lotchedwa Peppa Pig World, limene linatsegulidwa mu 2011. Malo ake ndi athyathyathya, poimika galimoto salipiritsa, ndipo mwana wosakwana mita imodzi kutalika amalowa ulere. Inayo ndi Legoland Windsor, imene inatsegulidwa mu 1996 pamalo amene kale panali Windsor Safari Park. Tinasankha Legoland chifukwa mnyamatayo moyo wake ndi tizidutswa ta Lego, timene amatindandalika pa windo motsata mtundu, komanso chifukwa ndi pafupi. Kuchokera kwathu ndi ulendo wa pafupifupi theka la ola pa msewu wa M4. Kufupika kumeneku musakupeputse. Paki yabwino kwa banja ngati lathu ndi imene zinthu zikavuta masana mutha kunyamuka n'kukafika kunyumba mwana asanatheretu mphamvu.

Chimene zithunzi za pa intaneti sizionetsa bwino ndi chakuti Legoland ili pa phiri. Polowera pali pamwamba, pamene munthu amaona Windsor Castle chapatali, ndipo zosewerera zambiri zili kumunsi. M'mawa mumatsika manja ali ndi mphamvu, madzulo mumakwera mukukankha njinga, mwana wina ali paphewa. Kuli kasitima kotchedwa Hill Train kamene kamatsitsa ndi kukweza anthu pa chitundacho. Ife tinakonza tsiku lathu lonse kuti likathere pafupi ndi kasitima kameneka, komanso kuti tikakwere gulu la anthu lisanayambe kubwerera.

Tsopano za mapepala, zimene zinandidyera nthawi ndi mtima kuposa china chilichonse.

Legoland ndi ya kampani ya Merlin Entertainments, yomwenso ndi mwini wa Alton Towers, Thorpe Park ndi Chessington. M'mapaki ake muli chiphaso chotchedwa Ride Access Pass, cha anthu amene sangathe kuima pamzere. Anthu ambiri amaganiza kuti chiphasochi ndi chodumphira mzere, koma si choncho. Ngati pa chokwera china anthu akudikira mphindi 40, inunso mphindi 40 zimenezo zimakuwerengerani. Kusiyana kwake ndi kwakuti mumadikira muli kwina, pamthunzi, mwana akudya kapena akuyendayenda, osati mutapanikizika pakati pa zitsulo za mzere. Kwa mnyamata wanga kusiyana kumeneko ndi kwakukulu. Iye akapanikizika pakati pa anthu osawadziwa, nyimbo zikulira pamwamba, sipatenga nthawi kuti adzigwetse pansi n'kuyamba kudzimenya kumutu.

Kuti mupeze chiphasochi mumayamba mwalembetsa ku bungwe la Nimbus Disability la ku Derby, limene limapereka Access Card. Mumatumiza umboni, monga kalata ya dokotala kapena ya thandizo la boma la Disability Living Allowance, ndipo iwo amaika pa khadipo zizindikiro zosonyeza chimene munthuyo amafuna: cha njinga, cha kuvutika kuima pamzere, cha chimbudzi, ndi cha "+1" chosonyeza kuti sangayende popanda womuperekeza. Khadili limagwira ntchito zaka zitatu, ndipo amalilandira m'malo ena ambiri, osati m'mapaki mokha. Zimatenga masiku kuti ayankhe, choncho si zoyamba usiku woti mawa ndi ulendo. Mukachipeza chiphasocho mumayeneranso kusungitsa malo a tsiku limene mukupitalo, chifukwa amapereka owerengeka patsiku. Ife tinayamba taona kuti malo a chiphaso alipo, kenako n'kugula matikiti. Malamulo ake amasinthasintha, ndiye muwerenge a chaka chimene mukupitacho pa webusaiti yawo, osadalira zimene anakuuzani mnzanu amene anapita kale.

Kudzaza mafomu amenewa kumawawa, ndipo ndi bwino ndinene. Chaka chonse umakhala ukuuza anthu zimene mwana wako akutha: wayamba kugwira supuni, wanena mawu atsopano, wagona usiku wonse. Fomu ikabwera imafuna zosiyana. Imafuna ulembe mwana wako monga amakhalira pa tsiku lake loipitsitsa, kuti amaluma dzanja lake mpaka kutuluka magazi, kuti akhoza kuthamangira pamsewu osaona galimoto, kuti pa zaka 7 amavalabe thewera. Ndinalemba zimenezi usiku ana atagona, ndipo ndinkamva ngati ndikuwaneneza. Koma ukalemba mochepetsa pofuna kusunga ulemu wa mwana, thandizo limene akufunikiralo salipeza. Lembani zoona zake zonse.

Palinso khalidwe lathu lija losafuna kuvutitsa anthu. Tinaleredwa kuti mlendo sadandaula, amalandira chimene wapatsidwa n'kuthokoza. Kuno ambirife timawonjezera mantha akuti tisaoneke ngati tinabwera kudzapempha. Bambo a anawa poyamba sankafuna n'komwe kumva za tikiti yaulere ya woperekeza. Ankati, "Amayi, ife timagwira ntchito, tilipira ngati wina aliyense." Ndinawauza kuti, "Bambo, tsiku limenelo inu simukupita kukasangalala, mukupita kukanyamula mwana." Lamulo la Equality Act la 2010 limalamula malo otumikira anthu kuti asinthe zimene angathe kusintha kuti munthu waulumali asatsalire. Si chifundo chimene akutichitira, ndi udindo wawo. Mwana aliyense waulumali amene walipira tikiti amaloledwa womuperekeza mmodzi wolowa ulere, bola umboni ukhalepo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinaimba foni, ndinalemba makalata, ndinafunsa ngakhale zooneka zazing'ono, ndipo amene ankandiyankha sanaonetse kudabwa ndi funso lililonse. Kwa amene ndalama zavuta, kuli mabungwe monga Merlin's Magic Wand, limene limapereka matikiti kwa ana odwala ndi aulumali, ndi Family Fund, limene limathandiza mabanja opeza zochepa amene akulera ana aulumali. Matikiti ogula pa intaneti nthawi isanakwane amatsikanso mtengo kuposa a pageti.

Chiphaso chija sichitanthauza kuti mwana akwera chilichonse. Chokwera chilichonse chili ndi malamulo ake, ndipo paki imawalemba m'kabuku kofotokoza za anthu aulumali kamene kali pa webusaiti. Ena ndi a kutalika kwa mwana. Pa zokwera zambiri za ana malire amayambira pa masentimita 90, ndipo mwana wamfupi amakwera ndi munthu wamkulu pambali. Ena ndi a thupi: kodi atha kukhala tsonga payekha, atha kugwira chitsulo mwamphamvu, atha kuchoka panjinga n'kukhala pampando wa chokweracho, nanga makina ataima pakati angatsike bwanji? Ogwira ntchito saloledwa kunyamula mlendo, ndiye wonyamula ndi inuyo. Malamulo amenewa sindilimbana nawo, chifukwa lamba amene sanagwire bwino thupi la mwana wanga ndi ngozi kwa iye yemweyo. Chimene sindinafune n'choti akamve mawu akuti "ayi" koyamba ali pageti la chokwera, anthu akumuyang'ana.

Ndiye tinawayeza onse awiri pakhoma, atavala nsapato zimene adzavale tsikulo. Mtsikanayo bambo ake anachita kumuimiritsa atamugwira m'khwapa. Kenako ndinatenga mapu a paki n'kukhala naye patebulo. Ndinazunguliza ndi cholembera chobiriwira zimene angakwere, ndipo zimene sangakwere ndinamuuza mosabisa, pamodzi ndi chifukwa chake. Analoza sitima yothamanga ija yooneka ngati chinjoka n'kufunsa kuti, "Iyi?" Ndinati, "Iyi ayi, mwanawe. Imagwedeza kwambiri, khosi lako lingapweteke." Analira. Ndinamusiya alire pamenepo, pakhomo pake, pa miyendo ya mayi ake. Atatha ndinamupatsa cholembera kuti asankhe yekha choyamba kukwera, ndipo anasankha bwato. Mwana amene tsiku lililonse anthu amamusankhira nthawi yodzuka, yodya, yosamba ndi yotembenuzidwa, kumupatsa mpata wosankha ndi mbali ya chisangalalocho.

Pamene ndinkawerenga za malamulowa ndinapeza nkhani ya Morgan's Wonderland, paki ya ku San Antonio, ku Texas, imene Gordon Hartman anatsegula mu 2010 chifukwa cha mwana wake wamkazi waulumali. Kumeneko zokwera anazipanga moti njinga imalowa mwana ali pomwepo, ndipo munthu waulumali salipira polowa. Mu 2017 anawonjezera paki ya madzi yokhala ndi njinga zosaopa kunyowa. Sindikudziwa ngati ana anga adzafikeko, koma zinandilimbitsa mtima kudziwa kuti pamene tikuuzidwa kuti chokwera ichi n'chosatheka kwa mwana wa panjinga, nthawi zambiri nkhani ndi ya mmene anachipangira, osati ya mwanayo.

Ana awiri otere amafuna akulu atatu. Wina akakhala ndi mtsikana kuchimbudzi, wina akugwira mnyamata, pamafunika wachitatu woyang'ana njinga ndi zikwama, kapena wothamangira mnyamatayo akapulumuka m'manja. Tinapempha azakhali awo, achemwali a bambo awo, amene amakhala ku Slough. Tikiti yawo tinalipira ife. Ndinawauziratu kuti, "Alamu, uku sikokacheza, mukatopa." Anaseka n'kunena kuti ana a mchimwene wawo ndi ana awo. Posankha munthu wachitatu, sankhani amene anawo amamudziwa, amenenso sachita manyazi mwana akayamba kukuwa pagulu.

Nkhani ya chimbudzi anthu saikonda, koma kwa ife ndi imene imalamula ngati ulendo uchitike kapena ayi. Chimbudzi wamba cha olumala, chija chokhala ndi chizindikiro cha njinga pachitseko, chinapangidwira munthu amene amatha kudzisamutsa yekha kuchoka panjinga. Mwana wanga sangathe. Kathebulo kosinthira makanda anakapitirira kalekale. Ndinamusinthapo thewera pansi pa chimbudzi cha pamalo ena opumira m'mbali mwa msewu, nditayala jekete langa pa simenti yonyowa, mutu wake uli pafupi ndi bini, iye akuyang'ana kudenga osanena kanthu. Mayi aliyense wa mwana wotere ali ndi nkhani ngati imeneyi, ndipo ambiri ndi chifukwa chake anasiya kutuluka.

Zimbudzi zotchedwa Changing Places zinabwera kudzathetsa zimenezi. Kampeni yake inayamba mu 2006. Chipinda chake chimakhala chachikulu, mamita atatu m'lifupi ndi anayi m'litali, muli bedi lotha kukwera ndi kutsika loti munthu wamkulu n'kugonapo, makina onyamulira munthu oyenda kudenga, ndi malo okwanira osamalira awiri. Pano m'dziko muno zilipo zoposa 2,000, ndipo kuyambira mu 2021 nyumba zikuluzikulu zatsopano zofikamo anthu ambiri ku England zimayenera kukhala nacho. Ku Legoland chilipo, ndipo pa mapu athu ndinachizunguliza ndi cholembera chofiira ndisanazungulize china chilichonse. Nsalu yokolekera mwana ku makina aja mumabwera nayo nokha. Muyendenso ndi kiyi wa RADAR, amene amatsegula zimbudzi zambiri za olumala zokhoma m'dziko muno. Ndipo kwa mwana wa autism, chenjerani ndi makina oumitsira m'manja. Wanga amawaopa kuposa galu. Timayenda ndi kathaulo, ndipo asanalowe m'chimbudzi cha anthu onse amavala zotseka m'makutu.

Abale amene muli ku Malawi kapena ku Joni, mwina makhadi ndi ziphaso izi kwanuko kulibe, koma mafunso ake ndi omwewa, kaya mukupita kunyanja ku Salima kaya ku Gold Reef City: ndikamusinthira pati, pali masitepe angati, mthunzi uli kuti, zikavuta titulukira kuti. Imbani foni mufunse musananyamuke.

Mnyamatayo kukonzekera kwake kunali kwa mtundu wina. Iye chimene chimamuopsa ndi chinthu chimene sakuchiyembekezera. Pa YouTube pali mavidiyo amene anthu anajambula atakwera zokwera za ku Legoland, kuyambira pokwera mpaka potsika. Tinkaonera limodzi madzulo alionse, mobwerezabwereza, mpaka anadziwa pamene bwato likhote ndi pamene madzi athovoke. Ndinasindikiza zithunzi n'kuzimata pa katoni motsatana: galimoto, geti, kasitima, bwato, chakudya, Miniland (dera la timizinda ta Lego), galimoto, kunyumba. Chithunzi chomaliza, cha nyumba yathu, n'chofunika kuposa zonse, chifukwa chimamuuza kuti zimenezi zili ndi mathero ndipo akagona pabedi lake. Chilichonse chikatha amachotsa yekha chithunzi chake n'kuchiika m'thumba.

Popeza satha kunena dzina lake kwa munthu wachilendo, ndinamuveka kalamba ka pamkono kolembedwa nambala ya foni yanga ndi mawu akuti salankhula. M'mawa wa tsikulo ndinamujambula chithunzi atavala zovala zake, malaya ofiira owala, kuti akasowa ndisachite kufotokoza ndi pakamwa ndili balala. Anavalanso chingwe cha m'khosi chobiriwira cha maluwa a mpendadzuwa, chimene chinayambira pa bwalo la ndege la Gatwick mu 2016. Chingwechi sichipatsa munthu ufulu wina uliwonse wapadera. Chimangouza ogwira ntchito kuti uyu ali ndi ulumali wosaoneka ndi maso, mumuleze mtima.

Tsiku lopita tinasankha la pakati pa sabata. Masukulu a kuno amakhala ndi masiku asanu pachaka amene aphunzitsi amakhala pa maphunziro awo ana ali kunyumba, ndipo sukulu iliyonse imasankha masiku akeake. Tsiku lotero ana anu ali pa tchuthi pamene a masukulu ena ambiri ali m'kalasi, ndiye mizere imafupika. Onetsetsani kokha kuti paki ndi yotsegula, chifukwa kunja kwa nyengo ya tchuthi masiku ena a pakati pa sabata amatseka.

Usiku wake ndinalongedza. Matewera, zopukutira, zovala zosinthira za aliyense, mankhwala, nsalu ya makina ija, majekete a mvula, chitenje, fulasiki ya phala, mbatata yophwanya, nthochi, ndi mabisiketi a mtundu umodzi wokhawo umene mnyamatayo amadya. Katunduyo anaunjikana pakhomo ngati wa gadiyani wopita kukadikirira wodwala ku Central. Ku Legoland amalola kulowa ndi chakudya chanu, ndipo kwa ife si nkhani yopulumutsa ndalama yokha. Chakudya cha m'malesitilanti mtsikanayo chingamutsamwe, mnyamatayo sangachikhudze n'komwe.

Za tsiku lenilenilo sindinena zambiri. Tinayamba ndi bwato limene anasankha lija, la Fairy Tale Brook, limene limayenda pang'onopang'ono pakati pa zidole za nthano zomangidwa ndi Lego. Bambo ake anamunyamula panjinga, dzanja lina kumsana lina pansi pa mawondo, n'kumukhazika pakati pa iwo ndi ine. Bwato litangosuntha thupi lake lonse linauma, monga limachitira akadzidzimuka, zala zake zitakanirira pa mkono wanga. Kenako anamasuka, n'kuyamba kuseka kuseka kwake kuja kokokera mpweya m'kati, dovu likutsika pachibwano, akuloza chilichonse ndi dzanja lake lamphamvulo. Titafika potsikira anati, "Kenanso." Tinakweranso.

Mnyamatayo anakakamira ku Miniland, kumene anamanga mizinda ngati London ndi tizidutswa ta Lego mamiliyoni ambirimbiri. Sanasamale za nyumba zotchukazo. Anapeza pamene kasitima kakang'ono kamatulukira m'phanga, anagwada pampanda, n'kumadikira kuti katulukenso, manja akuwakupiza kakamatuluka. Nthawi inapita ndithu. Bambo ake anayamba kuyang'ana wotchi, n'kundinong'oneza kuti talipira ndalama zambiri kuti tingoonera kasitima kamodzi. Maganizo amenewo amabwera kwa kholo lililonse, ndipo ndi amene amaononga tsiku. Ukayamba kuwerengera tikiti, umayamba kukoka mwana kuchoka pamene akusangalala kupita pamene iwe ukuganiza kuti ayenera kusangalala. Tinagwirizana kuti azakhali ndi bambo apite ndi mtsikanayo kukakwera zina, ine nditsale. Ndinayala chitenje pansi n'kukhala pambali pake. Pa zonse zimene zinali pa mapu athu tinachita zosakwana theka, ndipo sindidandaula.

Chakumasana zinamukwana. Kunatentha, anthu anachuluka, mwana wina analira pafupi naye, ndipo iye anadzigwetsa pansi n'kuyamba kukuwa. Apa ndi pamene kukonzekera kuja kunagwira ntchito, chifukwa sitinafunsane kuti titani. Ku Legoland kuli chipinda chopumuliramo ana otere, ku dera la Heartlake City, chamdima pang'ono, cha magetsi ofatsa ndi zokhalira zofewa. Ndinali nditachionetsa kale pa mapu kwa onse. Ndinamufunditsa chitenje kumutu, chimene chimamukhazika mtima pansi chifukwa chimanunkhira kunyumba, bambo ake n'kumunyamula. M'chipindamo anagona chafufumimba akuyang'ana magetsi mpaka kupuma kwake kunabwerera m'malo.

Maso a anthu analipo, sindinama. Pamene tinkalowera pa khomo la a chiphaso, mayi wina pamzere ananena mokweza kuti ena ali ndi mwayi. Mtsikanayo anali kwina ndi azakhali ake, ndiye iye anangoona mnyamata wooneka bwinobwino akudutsa. Sindinamuyankhe. Kale ndinkayesa kufotokozera aliyense, koma ndinaona kuti mphamvu zimenezo ndi zofunika kwa ana anga, ndipo mwana wanga sayenera kumva mayi ake akulongosola matenda ake kwa munthu wodutsa. Anthu abwino analiponso ambiri. Mtsikana wina wogwira ntchito pa chokwera china anagwada n'kulankhula ndi mwana wanga wamkazi mwini wakeyo, osati ndi ine, n'kudikira mpaka atamaliza kuyankha. Anthu ambiri amalankhula modutsa pamutu pake ngati palibe.

Kutuluka kumafuna kukonzekera kofanana ndi kulowa. Sitolo yaikulu ya zidole ili pafupi ndi geti, ndipo madzulo imadzaza ndi ana otopa ndi makolo otopa. Ife tinatuma azakhali masana kuti akagule kabokosi kamodzi ka aliyense n'kubisa m'chikwama. Nthawi yonyamuka itayandikira ndinamuonetsa mnyamatayo chithunzi cha galimoto, kenako cha nyumba, ndipo ndinamupatsa nthawi yoti atsanzike kasitima kake. Tinakwera Hill Train dzuwa likadali pamwamba, anthu ambiri akadali kumunsi, ndipo mabokosi aja anawatsegulira m'galimoto atamangidwa kale malamba.

Tsiku lotsatira musaikepo chilichonse. Ife tinapempheratu tchuthi kuntchito tonse awiri, ndipo chinafunikadi. Mtsikanayo anadzuka miyendo itauma kuposa masiku onse chifukwa chokhalitsa panjinga ndi kunyamulidwanyamulidwa, moti panafunika madzi ofunda ndi kumuwongola pang'onopang'ono m'mawa wonse. Mnyamatayo sanafune kuvala, sanafune kudya china koma mabisiketi ake, ndipo kanthu kakang'ono kalikonse kankamuliza. Zimene anazipirira dzulo lake zinkatuluka tsopano. Msana wa bambo awo nawonso unafuna mankhwala opaka. Powerengera mtengo wa ulendo wotere, muwerengere masiku awiri a ntchito, osati limodzi, ndipo ngati mumagwira ya mashifiti ngati ine, musalole kuti akuikeni ya usiku pa tsiku lachiwirilo.